Nsomba zofiira za m'galasi: kufiirako amakupanga bwanji?

Pali nsomba ina yotchuka m'masitolo ogulitsa nsomba zoweta m'galasi ku Ulaya, ku America ndi ku Asia. Pachikwangwani amalemba kuti ndi ya ku Nyanja ya Malawi. Thupi lake ndi lofiira psuu, ina yopita ku pinki, ndipo dzina amati Dragon Blood kapena Firefish. Mutatenga chithunzi chake n'kukaonetsa msodzi wa ku Chembe, ku Msaka kapena ku Likoma, munthu amene wakulira pabwato, angapukuse mutu n'kukuuzani kuti yotereyi sinakodwepo mu ukonde wake. Sakunama ayi. M'nyanjamo mulibe. Makolo ake ndiwo anachokera kuno, koma iyoyo inapangidwa ndi anthu m'matanki a kunja.

Kuno ku Blantyre, amene ali ndi thanki yagalasi pabalaza, kapena amene angoyamba kuilakalaka ataiona pamalo olandirira alendo kuhotela, amakumana ndi zithunzi za nsombazi pafoni, ndipo diso limathamangira yofiirayo. Palibe chodabwitsa. Koma ifeyo nkhaniyi siitikhudza mofanana ndi munthu wa ku Hamburg kapena ku Bangkok, chifukwa nyanja imene mbewuyo inachokera ili pa ulendo wa maola ochepa chabe kuchokera pa Wenela. Ndi bwino tsono timvetse mmene kufiirako kumabwerera, chimene nsombayo imaluza, ndi pamene pagona ngozi.

Banja la nsombazi asayansi amalitcha cichlid, ndipo abale ambiri a m'banjali timawadziwa bwino pambali pa nsima: chambo, makumba, utaka, mcheni, kambuzi, mbaba. Mbuna, zija zamawangamawanga zokhala m'miyala, nazonso ndi za m'banja lomweli. Usipa, mpasa, kampango ndi mlamba si za m'menemu. M'nyanja yathu muli mitundu ya cichlid yoposa 700, ndipo akatswiri ena amati ingafike 1,000. Palibe nyanja ina padziko yokhala ndi mitundu ya nsomba yochuluka chonchi. Abale ena ali ku Tanganyika, ku Victoria, m'mitsinje ya mu Africa muno, komanso kutsidya la nyanja yamchere, ku Central America ndi South America.

Chimene chimachititsa kuti mitundu yosiyana izitha kuberekana ndi chakuti ubale wake ndi wapafupi zedi. Mu 2018, asayansi otsogozedwa ndi Milan Malinsky anafalitsa zimene anapeza atawerenga DNA, imene imasunga chibadwa, ya mitundu 73 ya cichlid za m'Nyanja ya Malawi. Mtundu wina ndi unzake umangosiyana ndi 0.1 mpaka 0.25 pa 100, kusiyana kochepa kangapo konse poyerekeza ndi kwa munthu ndi chimpanzi. Tangoganizani, mcheni wautali wa mano akuthwa uja ndi kambuna konyambita ndere pamwala, m'kati mwake n'zofanana chotero. Nanga chimazilekanitsa m'nyanjamo n'chiyani? Malo okhala, nyengo yoswana, ndipo koposa zonse, maso a yaikazi. Yaimuna imavala utoto wa mtundu wake, imakonza bwalo pamchenga kapena kulondera phanga lake, n'kumavina monjenjemera. Yaikazi imayendera mabwalowo, n'kusankha.

Umboni womveka bwino unachokera ku Nyanja ya Victoria. Kumeneko kuli mitundu iwiri yapachibale: Pundamilia pundamilia, imene yaimuna yake ndi yabuluu motuwira, ndi Pundamilia nyererei, yopatsidwa dzina la Julius Nyerere, imene yaimuna yake ndi yofiira kumsana. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Ole Seehausen ndi anzake anaonetsa kuti m'madzi oyera zazikazi zimasankha zazimuna za mtundu wawo, koma m'madzi amatope, kapena m'thanki younikidwa ndi nyali yobisa utoto, zimasokonezeka n'kumaswana ndi iliyonse. Thanki yagalasi imachita chimodzimodzi ngakhale madzi akhale oyera mbee. Yaikazi ikasowa yaimuna ya mtundu wake, imalola imene ilipo.

Utoto weniweniwo uli pati

Khungu la nsomba lili ndi maselo osunga utoto, osanjikizana. Ena amasunga utoto wakuda wotchedwa melanin, ena wachikasu, ena wofiira. Palinso ena opanda utoto m'kati, koma okhala ndi timiyala tosalala tobweza kuwala, ndipo buluu wonyezimira amene timamuona pa mbuna ndi pankhope za Aulonocara, cichlid za m'nyanja yathu zimene kunja amazitcha Peacock, amachokera pamenepo. Chimene diso lathu limaona ndi zonsezi pamodzi. Nsomba ikhoza kukhala ndi maselo ofiira ambirimbiri koma n'kumaoneka yodera, chifukwa wakuda waphimba. Mfundo imeneyi muigwiritse, pakuti ntchito yaikulu ya oweta yagona pomwepa: kawirikawiri nsomba amaifiiritsa pochotsa kuda, osati powonjezera kufiira.

Kwinako kuli m'mimba. Utoto wambiri wofiira ndi wa olenji umachokera ku zinthu zotchedwa carotenoid, ndipo nsomba siitha kuzipanga yokha. Imazipeza m'chakudya: ndere, ndi tizilombo ta m'madzi timene timadya nderezo. Chibadwa ndicho chimalamula kuti maselo ofiira akhale angati, akhale pati, ndiponso kuti thupi lithe bwanji kutapa carotenoid m'matumbo, kuisintha ndi kuitumiza kukhungu. Chakudya chimangodzaza pamene chibadwa chakonza. Nsomba yopanda maselo ofiira, muidyetse chakudya chodula chotani, siifiira. Ya chibadwa chabwino koma yodya gaga yekhayekha imafwifwa, n'kutsala yachikasu chotumbuluka.

M'nyanja yathu kufiira kulipo, koma n'kosowa, ndipo kumakonda kukhala pazipsepse, paphewa kapena m'mbali. Kuli Copadichromis borleyi wa ku Kadango, kuli Protomelas taeniolatus wa pachilumba cha Namalenje amene kunja amamutcha Red Empress, kulinso Metriaclima estherae wa kugombe la Mozambique, amene yaikazi yake ndi ya olenji pomwe yaimuna nthawi zambiri ndi yabuluu. Chifukwa chimodzi cha kusowaku n'chakuti madzi amameza kuwala kofiira msanga. Mukamira mamita 10, chinthu chofiira chimaoneka chakuda, pomwe buluu amapitirira mpaka pansi. Kukongola kumene yaikazi siingakuone kulibe phindu, ndipo pamadzi osaya kufiira n'kudziitanira mbalame zodya nsomba. M'galasi mulibe mbalame, madzi ndi osaya, nyali ili pamwamba pomwepo, ndipo wosankha salinso yaikazi koma munthu amene ali ndi ndalama m'thumba.

Ntchito ya kuleza mtima

Njira yakale ndiyo kusankha m'kati mwa mtundu umodzi, osasakaniza. German Red ndi Ruby Red zinabwera motero. Makolo ake ndi Aulonocara zachikasu chopita ku olenji za kumbali ya Chipoka ndi zilumba za Maleri, zimene zinkapita kunja kudzera mwa amalonda onga Stuart Grant, amene anagwira ntchitoyi kuyambira zaka za m'ma 1970 ndipo anakhazikika ku Senga Bay. Estherae uja anapatsidwa dzina la mkazi wake, Esther. Oweta a ku Germany ankayang'ana ana onse a m'badwo umodzi, kutengapo yaimuna yofiirirako kuposa zinzake, kuiberekanitsa, kudikira, kusankhanso. Eureka Red nayo inachokera mwa Aulonocara jacobfreibergi wa ku Otter Point, ku Cape Maclear.

Pongomva n'zophweka. Pochita, choyamba kukumana nacho ndi nthawi. Pafupifupi cichlid zonse za m'nyanja yathu zimalera ana m'kamwa. Yaikazi ikaikira mazira imawatola pomwepo. Mwa mitundu yambiri, pachipsepse cha pansi cha yaimuna pamakhala madontho achikasu ooneka ngati mazira, ndipo yaikazi ikamajompha pamenepo imatengera umuna m'kamwa momwe muli mazira aja. Imawafungatira pafupifupi milungu itatu, osadya kanthu. Ana amangokhala makumi ochepa, ndipo onse amatuluka otuwa. Yaimuna imayamba kuonetsa utoto pakapita miyezi ingapo, koma kuti mudziwe kuti ifika pati muyenera kudikira mpaka chaka chitayandikira. Mibadwo 10 ndiye kuti zaka pafupifupi 10.

Chachiwiri n'chakuti nsombazi zimabisa utoto. M'thanki imodzi, yaimuna yamphamvu ndiyo imavala utoto wonse, zinazo zimadzifwifwitsa poopa kumenyedwa. Woweta wosadziwa amatenga bwana wa m'thankiyo poganiza kuti wasankha kufiira, chonsecho wasankha ndewu. Wodziwa amachotsa bwanayo, n'kudikira kuti wachiwiri adzionetse, n'kumuchotsanso, mpaka yaimuna iliyonse itapatsidwa mpata.

Ndiye pali vuto la mayi, limene ine ndimaliona ngati lalikulu koposa. Theka la chibadwa cha ana limachokera kwa yaikazi, koma yaikazi ya Aulonocara ndi yotuwa basi, kaya yanyamula kufiira kaya ayi. Simungaiweruze ndi maso. Mumaiweruza poona bambo wake ndi alongo ake, kapena mumaiberekanitsa kaye, n'kudikira chaka kuti muone ana ake aamuna. Choipa china n'chakuti zazikazi za mitundu yosiyana ya Aulonocara zimafanana kwambiri moti ngakhale akatswiri zimawavuta. Haibulidi zambiri zimene zili pamsika sizinapangidwe dala. Zinabadwa chifukwa wina anasakaniza zazikazi mu ndowa imodzi.

Ngakhale zonsezi zitalongosoka, ana a yaimuna yofiira kwambiri safika pamene bambo wawo anafika. Amangoposa pang'ono gulu limene bamboyo anachokera. Kufiira kotereku sikulamulidwa ndi jini limodzi, kutanthauza kachidutswa kamodzi ka DNA, koma majini ambiri, lililonse likuwonjezerapo pang'ono, ndipo gawo lina la kukongola kwa bamboyo linali la chakudya ndi ubwana wake, zinthu zimene sizipatsirana. Pofuna kufulumizitsa, oweta amaberekanitsa bambo ndi mwana wake, kapena ana a mimba imodzi. Kufiirako kumakhazikikadi, koma pamodzi nako kumatuluka zilema zimene zinali zobisika: misana yokhota, zibwano zopotoka, mazira osaswa, kunyentchera, kudwaladwala. Oweta osamala amasunga mizere iwiri kapena itatu payokhapayokha, n'kumaikumanitsa pakapita mibadwo ingapo, ngakhale akudziwa kuti kufiira kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Kudula njira

Njira yachidule ndi ija yochotsa kuda. Nthawi zina pakati pa ana mumabadwa yachialubino, imene thupi lake silipanga melanin. Maso ake amakhala ofiira, ndipo kufiira kulikonse kumene kukanaphimbika kumaonekera poyera. Jini limeneli limabisala: mwana amayenera kulilandira kwa bambo ndi kwa mayi komwe kuti lioneke. Makolo awiri ooneka ngati anzawo onse koma olinyamula amabereka mwana mmodzi wotere pa anayi alionse, monga mwa masamu amene Gregor Mendel anawapeza ndi nsawawa zake m'zaka za m'ma 1860. Nsomba zotere maso ake salimbana ndi kuwala kwambiri, ndipo pa chakudya zinzake zimaziphangira.

Ku Nicaragua kuli cichlid yotchedwa Midas, Amphilophus citrinellus, imene imachita chodabwitsa. Zonse zimabadwa zotuwa, zamizere yakuda, koma mwa zina zochepa maselo akuda amayamba kufa nsombayo ikamakula. Imakhala yamawangamawanga kwa kanthawi, kenako n'kutsala ya olenji, yachikasu kapena yoyererako. Asayansi a ku yunivesite ya Konstanz ku Germany anaonetsa kuti kusulukaku kumalamulidwa ndi malo amodzi mu DNA, ndipo jini lake silibisala: kholo limodzi ndi lokwanira kupatsira ana. Haibulidi zambiri zofiira zochokera mwa nsomba za ku Central America zaima pa jini limeneli.

Apa ndiye tafika pa kusakaniza mitundu. Aliyense amene analimapo chimanga cha haibulidi amadziwa zimene alangizi amanena. Mbewu yogula kusitolo imamera mofanana, mapesi msinkhu umodzi, koma mukasungako njere zake n'kubzalanso chaka chamawa, munda umasokonekera: phesi ili lalitali, ilo lalifupi, lina losabereka. Nsomba n'chimodzimodzi. M'badwo woyamba, umene amaulemba F1, mwana aliyense amatenga theka kwa mtundu uwu ndi theka kwa uwo, ndiye amafanana. Mukaberekanitsa anawo okhaokha, majini amagawika mwachisawawa, ndipo m'badwo wa F2 mumatuluka chilichonse. Mlimi amadana nako kusokonekeraku, koma woweta nsomba zokongoletsa ndiko amakufuna, chifukwa pakati pa mazana osakongola mungatuluke imodzi yokhala ndi zinthu zimene sizinakumanepo m'thupi limodzi. Akaipeza amaibweza kwa kholo lake kapena kwa m'bale wake, mobwerezabwereza, mpaka maonekedwewo atakhazikika.

Blood Parrot inatulukira ku Taiwan cha m'ma 1986. Oipanga anabisa makolo ake, koma oweta ambiri amakhulupirira kuti ndi Midas ndi mtundu wina wa mutu wofiira wa gulu la Vieja. Ndi yobulungira, ya olenji wofiirira, kamwa kake kakang'ono ngati mlomo wa mbalame. Mwa zambiri kamwako sikatsekeka bwino, moti imadalira mano a pakhosi, amene cichlid iliyonse ili nawo, kuti iphwanye chakudya. Msana wake ndi wopindika, kathumba ka mpweya kothandiza kuyandama nthawi zambiri n'kolakwika, ndipo zazimuna zambiri sizibereka. Pali anthu amene amaikonda ndi mtima wonse, amati ndi yochezeka, imazindikira woidyetsa, ndipo sindikuwatsutsa. Koma kupanga dala nyama imene siingatseke kamwa chifukwa chakuti ikugulika, ine sindingakuikire kumbuyo.

Flowerhorn inachokera ku Malaysia m'zaka za m'ma 1990, posakaniza mitundu ingapo ya ku Central America pamodzi ndi Blood Parrot yomwe. Ili ndi linunda pamphumi, chifuwa chofiira, ndi madontho akuda m'mbali amene ogula ena ankawawerenga ngati zilembo kapena manambala amwayi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mitengo yake inakwera moopsa, kenako inagwa, ndipo anthu anayamba kuzitaya m'madamu ndi m'ngalande. Red Texas ndiyo imaonetsa bwino kuwawa kwa masamuwa. Amatenga yaimuna ya Herichthys, nsomba ya ku Mexico ndi Texas yokhala ndi timadontho towala, n'kuiphatikiza ndi yaikazi yonyamula jini losulutsa lija, kawirikawiri Blood Parrot. Chimene akufuna ndi thupi lofiira lokhala ndi timadontho toyera pamwamba. Nsomba za ku America zimenezi zimaikira mazira mazanamazana pamwala, koma ana okhala ndi zonse ziwiri amakhala owerengeka. Otsalawo amaphedwa, amadyetsedwa kwa nsomba zina, kapena amagulitsidwa motchipa ali aang'ono kwa munthu amene adzadikire kufiira kosabwera.

Mwa nsomba zathu, chitsanzo choonekeratu ndi OB Peacock. Mwa mbuna zina muli maonekedwe otchedwa OB, thupi la olenji lamadontho akuda. Amapezeka kwambiri mwa zazikazi, ndipo mu 2009 asayansi a ku yunivesite ya Maryland anaonetsa kuti jini lake limayenda limodzi ndi limene limachititsa nsomba kukhala yaikazi. Aulonocara za m'nyanja zilibe maonekedwe amenewa. Choncho OB Peacock iliyonse ndi umboni wakuti pena pake Aulonocara inaberekana ndi mbuna. Dragon Blood nayo ndi yosakaniza, yosankhidwa mibadwo yambiri mpaka kuda kutachoka.

Ngakhale nsomba za ndiwo zinadutsa momwemu. Tilapia yofiira imene imawetedwa m'maiko ambiri inayambira ku Taiwan kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamene anaphatikiza Oreochromis mossambicus yobadwa yofiirira ndi tilapia ya ku Nile. Mossambicus ameneyu ndi makakana amene anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje amawedza mu Shire.

Kufiira kwa m'botolo

Chakudya chofiiritsa chimene chimagulitsidwa chimakhala ndi astaxanthin, carotenoid yochokera ku tizilombo ta m'nyanja yamchere totchedwa krill kapena ku ndere zina, ndipo nthawi zambiri amaikamonso ndere yotchedwa spirulina. Pamenepa palibe chinyengo, bola wogula adziwe kuti akasiya chakudyacho utoto utsika. Chenjezo lili pa mbuna: matumbo ake ndi aatali, opangidwira ndere, ndipo zikadya zanyama zambiri zimagwidwa msanga ndi matenda otupa mimba amene oweta padziko lonse amawatcha Malawi bloat.

Chinyengo chenicheni ndi mahomoni. Ogulitsa ena amathira homoni yachimuna yotchedwa methyltestosterone m'chakudya cha tiana, ndipo kansomba ka masentimita atatu kapena anayi kamavala utoto wa yaimuna yaikulu. Zazikazi nazo zimafiira. Chizindikiro chake n'chosavuta: mukaona thanki yodzaza tinsomba tating'ono, tonse towala mofanana, popanda kotuwa ngakhale kamodzi, kayikirani. Mwachibadwa, pafupifupi theka likanakhala zazikazi zotuwa, ndipo mwa zazimuna zowala zikanakhala zochepa. Pakapita milungu ingapo utoto uja umatha, ndipo zina zimatsala zosabereka. Kupitirira apo kuli kubaya utoto pansi pakhungu ndi jakisoni, ndi kudula mchira wa Blood Parrot idakali yaing'ono kuti thupi lioneke ngati mtima. Imeneyi ndi nkhanza, ndipo imapitirira chifukwa pali ogula.

Pamene ife tikusiyana ndi ena

Nsomba yosankhidwa bwino, yathanzi, yogulitsidwa ndi dzina loona, ine ndilibe nayo mlandu. German Red yabwino ndi ntchito ya zaka zambiri ya munthu waluso. Nkhawa yanga ili pa madzi athu. Mbuna sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, ndiye chilumba chilichonse, ngakhale mulu wa miyala, chili ndi mbuna za maonekedwe akeake zimene sizipezeka kwina kulikonse padziko. Woweta angathe kutulutsa nsomba yofiira mwa ya ku Chipoka, koma palibe amene angabweze ya ku Chipoka kuchokera mwa yosakanizika.

Kusakanizika kotereku kunachitikapo kale m'nyanja yathu. M'zaka za m'ma 1960, wamalonda wina wotumiza nsomba kunja anataya mbuna zochokera kumpoto kwa nyanja m'madzi a pachilumba cha Thumbi West ku Cape Maclear. Imodzi mwa izo inali Cynotilapia afra. Inakhazikika, inachuluka, ndipo mu 2004 Todd Streelman ndi anzake anafalitsa umboni wakuti yaberekana ndi Metriaclima zebra, mwini malowo. Malo amenewa ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba zomwezi. Ku Indonesia, Flowerhorn zinalowa m'nyanja ya Matano pachilumba cha Sulawesi, zinafalikira, ndipo zikudya tizamoyo timene timapezeka m'nyanja yokhayo.

Wina anganene kuti kusakanikirana n'kwachilengedwe, ndipo ali ndi mfundo. Kafukufuku wa DNA waonetsa kuti kukumana kwa mitundu kalekale kunathandiza kuti cichlid za ku Malawi ndi ku Victoria zichuluke mitundu chonchi. Koma kumeneko kunachitika pa zaka zikwizikwi, nyanja ikusefa yokha. Ndowa imodzi yokhuthulidwa pagombe Loweruka masana siisefedwa ndi chilichonse, ndipo ingabwere ndi matenda a m'matanki a kutali amene nsomba zathu sizinakumanepo nawo.

N'chifukwa chake lamulo la za usodzi limafuna chilolezo cha dipatimenti ya za nsomba munthu asanalowetse nsomba zamoyo m'dziko muno kapena kuzisamutsira m'madzi ena. Amene akuganiza zobwera ndi thumba la Flowerhorn kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam ayambe wafunsa kumeneko. Ndipo tisaganize kuti Blantyre ali kutali ndi madzi. Mudi ndi mitsinje inzake imathera mu Shire, ndipo msewu wa ku Mangochi timauyenda tchuthi chilichonse.

Kwa amene akufuna kuweta kuno, mpata ulipo, ndipo ndi waukulu kuposa wa anzathu akunja, chifukwa mbewu yoyera ili pafupi ndipo ingapezeke kudzera mwa amene ali ndi chilolezo. Luso losankha silachilendo m'dziko muno. Ku National Aquaculture Centre ku Domasi akhala akusankha makumba kuti azikula msanga, ndipo mfundo zake ndi zomwezi. Madzi a m'nyanja ndi ofunda, madigiri 24 mpaka 28, ndipo pH yake, muyeso wa asidi m'madzi, imakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6. Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo chiperoni chikabwera mu Juni ndi Julaye thanki yopanda hita imazizira, nsomba zimafwifwa n'kusiya kuswana. Magetsi akazima, fundikani thankiyo ndi bulangete, ndipo kapampu kampweya koyendera batire kamapulumutsa zambiri. Madzi a pampopi muziwagoneka kaye kapena kuwathira mankhwala ochotsa klorini.

Pa kuswanitsa, mtundu umodzi wa Aulonocara ukhale m'thanki yakeyake, ndipo pagalasi mulembe dzina la mtunduwo ndi malo amene makolo ake anachokera, kaya ndi Chipoka, Maleri kapena Otter Point. Kope likhalepo lolembamo yaimuna iti yakumana ndi yaikazi iti, ndi tsiku lake. Ana onse adye chakudya chimodzi, kuti mukamasankha muzisankha chibadwa osati mimba. Ikakhala haibulidi, muuzeni wogula kuti ndi haibulidi, kuti naye asakaiphatikize ndi yoyera mosadziwa.

Chovuta chimene woweta aliyense amafika nacho ndi ana otsala, amene sanafiire, amene thanki yawachepera. Mtima umati kawatayeni mumtsinje kapena kudamu akadzionere okha, ndipo zimaoneka ngati chifundo. Kumbukirani kuti yaikazi imodzi yofungatira ingakhale ndi ana 30 m'kamwa. Perekani otsalawo kwa woweta mnzanu mutamuuza chimene ali. Ngati palibe wowatenga, kapena ali ndi zilema, mafuta a clove osungunula m'madzi amagoneka nsomba kaye, ndipo mukawonjezera mlingo imafa ili chigonere. Zikatero kwirirani m'munda, kutali ndi ngalande.